Mwana wakupemphani phwando la Halloween? Umu ndi momwe mungalikonzere pakhomo kuno ku UK

Mwezi wa October ukangolowa, masitolo a Tesco, Aldi ndi Lidl amadzaza ndi maungu, ndipo mwana amabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani imodzi yokha: "Amayi, ifenso tichite Halloween." Makolo ambiri ochokera kumudzi mtima umayamba wagunda kaye, poti zigoba za mitu ndi zipewa za mfiti si zinthu zoseweretsa kwathu. Komatu phwandoli mungathe kulikonza mwanjira yanu, ana n'kusangalala, inu osaphwanya chikumbumtima chanu.

Halloween imachitika pa 31 October, usiku woti mawa lake ndi tsiku la Oyera Mtima Onse. Mizu yake ili ku Ireland ndi Scotland, pa chikondwerero chakale cha Samhain chotsekera nyengo yokolola. Kalelo ankasema ma turnip. Maungu analowa m'malo pamene anthu a ku Ireland anasamukira ku America n'kupeza kuti dzungu ndi lofewa kusema.

Choyamba, gwirizanani za zovala. Lembani pa uthenga woitanira kuti mutu wa phwando ndi chiyani: nyama zakutchire, ngwazi za m'makatuni, kapena ntchito zomwe ana akufuna kudzagwira akakula. Mukatero palibe amene adzabwere atadzipaka zonga magazi. Mipingo yambiri kuno imachita zofananazo usiku womwewo, amazitcha light party. Zovala zotchipa muzipeza m'ma charity shop kapena ku Poundland, koma yang'anani chizindikiro cha CE kapena UKCA, chosonyeza kuti chovalacho chikutsata malamulo a chitetezo, chifukwa nsalu zina zopepuka zimayaka ngati udzu wouma. Ndipo chonde, chigoba cha Gule Wamkulu chomwe munagula ku Mua kapena pamsika wa ziboliboli chisatuluke m'kabati tsikuli. Gule ndi mwambo wa Achewa wokhala ndi malo ake, pa maliro ndi pa chinamwali, ndipo si chovala choseketsera alendo.

Nthawi yake muiganizire bwino. Mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la October, choncho pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Kwa ana aang'ono, kuyamba 4 koloko n'kumaliza 6 koloko n'kokwanira. Ana asanu ndi atatu m'nyumba za kuno ndi khamu kale.

Tsopano dzungu, lomwe ndi mwini phwando. Gulani awiri osiyana: lalikulu losema, ndi lina lodya monga butternut. Maungu akuluakulu osema aja ndi amadzimadzi, osakoma ngati omwe tinazolowera kuphika m'nyengo ya masika. Musaseme msanga, chifukwa likasemedwa limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pakangopita masiku atatu kapena anayi. Pa 29 kapena 30 ndi bwino. Dulani kabowo pamwamba mpeni utapendekera m'kati kuti chivundikiro chisagwere pansi. Kokololani zam'kati ndi supuni yaikulu, ntchito yomwe ana amaikonda ngakhale amachita ngati akunyansidwa. Mwana ajambule maso ndi pakamwa ndi cholembera, koma mpeni ugwidwe ndi wamkulu. M'kati ikani kandulo ya batire, osati ya moto.

Nthanga zake musataye. Ine zimandipweteka mtima kuona anzathu akuzikhuthulira m'bini. Zitsukeni, ziumitseni pa nsalu, thirani mchere ndi mafuta pang'ono, n'kuziika mu uvuni pa 180°C kwa mphindi 10 mpaka 15. Akuluakulu azidzatafuna akucheza.

Zokongoletsa zina sizifuna ndalama zambiri. Masamba ofiira ndi achikasu ali mbwee m'mapaki nyengo ino. Tolani, muumitse, muyale patebulo. Mapepala akuda muduleko mileme yomata pakhoma, mabaluni a olenji angapo, basi.

Pa chakudya, phikani zomwe dzanja lanu likudziwa, kenaka muzipatse nkhope ya tsikulo. Supu ya butternut yokhala ndi anyezi ndi jinja imatenthetsa m'thupi. Manachesi ajambuleni nkhope ndi cholembera chakuda pa khungu, aoneke ngati timaungu. Masoseji akulungeni ndi timizere ta pastry musanawotche. Mandasi ndi zitumbuwa zimatha msanga kuposa makeke ogula, ndipo makolo achingerezi amafunsa kaphikidwe kake. Koma funsani kholo lililonse pasadakhale ngati mwana ali ndi chakudya chomwe thupi lake limadana nacho. Mtedza umene ife timathira m'ndiwo mosaganizira kawiri ungathe kuthamangitsira mwana wa mnzanu kuchipatala, ndiye nsinjiro ndi chiponde zipume tsikuli. Maswiti ambiri ofewa ali ndi gelatine ya nkhumba, kumbukirani ana achisilamu. Kwa osakwana zaka 5, mphesa ziduleni m'litali, ndipo mbuliwuli muwabisire chifukwa imatsamwitsa.

Masewera awiri kapena atatu akwana. Lakale kwambiri ndi lowedza maapozi ndi pakamwa m'beseni la madzi, manja ali kumbuyo. Yalani matawulo ambiri pansi. Lina, agaweni ana m'magulu, gulu lililonse likulunge mnzawo mmodzi ndi tishu mpaka asaoneke.

Kukada, pachitseko padzayamba kugogodedwa. Lamulo losalembedwa kuno ndi lakuti nyumba yomwe yaika dzungu lowala panja yavomera ana a trick or treat, omwe amayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Ngati mukufuna, sungani mbale ya maswiti okulunga pafupi ndi khomo. Ngati simukufuna, dzungu likhale m'kati ndipo nyali yapakhonde izime. Ana anu akamapita kukagogoda kwa ena, wamkulu apite nawo, atenge tochi, ndipo agogode pokhapokha pomwe pali chizindikirocho.

M'mawa mwake dzungu losemalo liduleni tizidutswa n'kuliika m'bini ya zakudya zotsala kapena pa kompositi. Kulitaya m'nkhalango kumadwalitsa achisoni, tinyama taminga tija, tomwe nthawi imeneyi timakhala tikudzikonzekeretsa kugona nyengo yonse yachisanu.