Momwe mungapezere pepala la CDA losamalira ana ku Indiana

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ndinalowa bwanji ntchito ya ku daycare (malo osamalirako ana) kuno ku South Bend, ku Indiana. Ku America state iliyonse ili ndi malamulo ake, ndiye zomwe wakuuzani mchemwali wanu wa ku Texas musazitengere kuno. Ku Indiana amene amapereka malaisensi a malo osamalirako ana ndi FSSA, nthambi ya boma la Indiana yoona za mabanja, ndipo mukafuna kukhala mphunzitsi wamkulu wa kalasi, mabwana ambiri amafunsa CDA (Child Development Associate), pepala losonyeza kuti mumadziwa kusamalira ana, lochokera ku bungwe la Council for Professional Recognition la ku Washington, D.C.

Zodinda zala kuti FBI ione mbiri yanu, kuyezetsa TB ndi kuphunzira CPR (kuthandiza munthu amene wasiya kupuma), abwana anu akuuzani kopita. Satifiketi ya sekondale ikhale pafupi.

Pomwe ndinapsa ine ndi pa maphunziro. Kuti mupeze CDA amafuna maola 120 m'magawo 8, gawo lililonse osachepera maola 10. Ine pofuna zotchipa ndinalipira munthu wina wa pa Facebook yemwe ankati tithana m'masabata awiri. Ananditumiziradi satifiketi yokongola, ya chidindo chagolide, ndinafika poyiika mu felemu. Tsiku lomwe ndinaionetsa kwa abwana, anaitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa kuti, "Maola a gawo lililonse ali pati?" Panalibe. Ngakhale adiresi ya sukuluyo panalibe. Ndikaimba foni, duu. Ndalama zinapita, ndinakayambiranso ku koleji madzulo nditaweruka, maso ali psuu. Musanatulutse ngakhale dola imodzi, funsani ngati pepalalo lidzalembedwa maola gawo ndi gawo. Koleji ya Ivy Tech imaphunzitsa zimenezi, ndipo funsaninso ngati thandizo la fizi la T.E.A.C.H. likupezeka.

Amafunanso maola 480 ogwira ntchito ndi ana, omwe amakwana okha ngati muli kale pantchito, bola akhale a zaka zitatu zapitazi. Konzani portfolio, yomwe ndi fayilo ya mapepala osonyeza maphunziro ndi ntchito yanu, ndipo mafomu omwe makolo a ana amalembapo maganizo awo agaweni msanga, chifukwa ena amawaiwala m'galimoto mpaka mwezi.

Mukatero lembetsani pa intaneti, konzekerani kulipira (nthawi yanga anali madola oposa 400). Akhoza kubwera PD Specialist, katswiri wovomerezedwa ndi Council, kudzaona momwe mumachitira ndi ana, ndipo palinso mayeso a pa kompyuta kumalo olembera mayeso a Pearson VUE, mafunso 65 osankha yankho. Pepala likatuluka limagwira ntchito zaka zitatu, mulembe detilo penapake.