Momwe mungakonzekere masitala ya ntchito za mabungwe ku America ngati mumakondanso basketball ya m'makoleji

Mwezi wa Malichi ku America anthu amakamba zinthu ziwiri zomwe zimagwa nthawi imodzi. Mayunivesite amakhala akutumiza mayankho kwa amene anafunsira malo a masitala, ndipo mpikisano wa basketball wa NCAA (bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji), uja amautcha March Madness, umakhala utafika pachimake. Ngati mumagwira ntchito m'bungwe lomwe si laboma, mukufuna kukaphunzira kumeneko, ndipo mtima wanu umagunda mukaona mpira ukulowa mu ukonde mphindi yomaliza, ndondomeko yake ndi iyi.

Choyamba, fufuzani za visa musanawononge ndalama ngakhale imodzi. Kuyambira mu 2025 malamulo a America okhudza Amalawi akhala akulimba ndi kusinthasintha. Funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena kwa alangizi a EducationUSA kuti mudziwe ngati visa ya wophunzira, F-1 kapena J-1, ikuperekedwa panthawi imeneyo. Mukapeza kuti khomo ndi lotseka, sungani ndalama zanu ndipo pitirizani kukonza mapepala podikira.

Chachiwiri, sankhani maphunziro musanasankhe sukulu. Apa ndi pomwe wokonda basketball amasokonekera. Mumafuna Duke kapena Kansas chifukwa mwaionera pa kanema, koma funso ndi lakuti mukufuna kuphunzira chiyani. Pali MPA, ya kayendetsedwe ka ntchito za boma ndi mabungwe, momwe mungasankhe nthambi ya mabungwe osapanga phindu. Palinso digiri yongokhudza kupereka ndi kusonkhanitsa thandizo. Ku Indianapolis kuli Lilly Family School of Philanthropy ya Indiana University, yomwe inakhazikitsidwa mu 2012 ndipo inali sukulu yoyamba yophunzitsa nkhani ya kupereka yokhayokha. Ku Bloomington kuli O'Neill School, ya yunivesite yomweyo, yotchuka pa kayendetsedwe ka mabungwe. Ku Syracuse kuli Maxwell School. Chosangalatsa n'chakuti malo onsewa ndi a basketball ndithu. Likulu la NCAA lili ku Indianapolis komweko, timu ya Indiana inatenga chikho mu 1976 osagonja ngakhale masewero amodzi, ndipo Syracuse inapambana mu 2003 ili ndi Carmelo Anthony. Ndiye mukasankha mwanzeru, mpirawo mukaupeza ukukudikirani. Koma ndalama ndi aphunzitsi ndiwo atsogole.

Chachitatu, konzani mapepala kusanathe Okutobala. Sukulu zambiri zimatseka kulandira makalata pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Mufunika zotsatira za mayeso a Chingerezi monga TOEFL kapena IELTS ngati sukuluyo ikufuna, makalata ochokera kwa anthu awiri kapena atatu okudziwani pa ntchito kapena pa maphunziro, ndi zikalata za digiri yanu yoyamba, zomwe nthawi zina amafuna zitsimikizidwe ndi bungwe ngati WES. Sukulu zambiri masiku ano sizikakamiza mayeso olowera a GRE, koma werengani tsamba la sukulu iliyonse.

Kalata yofotokoza cholinga chanu ndiyo imene muyenera kuikhalira pansi. Musalembe zoti mumakonda kuthandiza anthu, chifukwa aliyense amalemba zomwezo. Fotokozani vuto limodzi limene munakumana nalo pa ntchito: opereka thandizo atasintha maganizo pakati pa pulojekiti, komiti ya m'mudzi itasiya kukumana ndalama zitatha, kapena lipoti lomwe munalemba usiku wonse koma palibe analiwerenga. Kenako nenani phunziro liti la sukuluyo lingakuthandizeni pa vutolo. Ngati bungwe lanu linalembetsa ku NGORA kapena ndi membala wa CONGOMA, tchulani zimene munaphunzira pa malamulo ndi malipoti a kwathu kuno. Aphunzitsi akumeneko amafuna munthu wodziwa zimene iwo sangazione ali ku Indiana.

Chachinayi ndi ndalama. Fulbright, thandizo la maphunziro lochokera ku boma la America, imadutsa ku ofesi ya kazembe, ndipo sukulu zina zimapereka ntchito yothandiza mphunzitsi yomwe imachotsera fizi. Mayunivesite ambiri a ku America anagwirizana kuti munthu amene wapatsidwa thandizo la ndalama asakakamizidwe kuyankha lisanafike tsiku la 15 Epulo. Zimenezi zikutanthauza kuti mukhoza kuonera Final Four, masewero a matimu anayi omaliza, kumayambiriro kwa Epulo mukadali kuyerekeza makalata anu. Mukavomera, sukulu imakutumizirani fomu ya I-20 yofunsira visa, mumalipira ndalama ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, kenako mumakafunsidwa mafunso a visa. Kumbukirani kuti pa F-1 mumaloledwa kugwira ntchito pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro.

Chachisanu, mukafika, phunzirani mpikisanowo chifukwa ndi chilankhulo cha anthu akumeneko. Unayamba mu 1939. Mu 2011 unakulitsidwa kufika matimu 68, ndipo timu ikagonja kamodzi yapita kwawo. Matimu amalengezedwa Lamlungu lomwe amalitcha Selection Sunday, masewero anayi oyamba a amuna amachitikira ku Dayton, kenako amachepa kufika 16, 8, mpaka anayi omaliza. Timu iliyonse imapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 16 m'chigawo chake. Kwa zaka zambiri ya nambala 16 sinagonjetsepo ya nambala 1 mu mpikisano wa amuna, mpaka mu 2018 pomwe yunivesite ya UMBC, ya nambala 16, inagonjetsa Virginia 74 kwa 54. Anthu a m'maofesi ndi m'makalasi amadzaza pepala lolosera opambana, lotchedwa bracket. Lowani nawo, chifukwa ndi njira yachidule yopezera anzanu, koma lowani m'magulu osaika ndalama. Malamulo a juga amasiyana m'chigawo chilichonse, ndipo mlendo wa visa ya sukulu alibe chifukwa choyesa mwayi pamenepo. Musaiwale mpikisano wa akazi. Mu 2024 masewero omaliza a South Carolina ndi Iowa ya Caitlin Clark anaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa a amuna.

Chomaliza, ndipo ndicho chimene ine ndimachikonda kwambiri: onerani masewerowo ndi maso a munthu wosonkhanitsa thandizo. Yang'anani mayina olembedwa pa khoma la bwalo, ndipo funsani kuti anthu amene anamaliza sukulu zaka 30 zapitazo amabwezeredwa bwanji kuti aziperekabe. Jim Valvano, mphunzitsi amene anapatsa NC State chikho mu 1983, anayambitsa V Foundation pamodzi ndi kanema wa zamasewero wa ESPN mu 1993, chaka chomwe anamwalira ndi khansa, ndipo bungwelo likusonkhanitsabe ndalama zofufuzira matendawa. Dikembe Mutombo anachoka ku Kinshasa kupita ku yunivesite ya Georgetown mu 1987 akufuna kudzakhala dokotala. Basketball inamutengera kwina, koma mu 1997 anayambitsa bungwe lake, ndipo mu 2007 anatsegula chipatala cha Biamba Marie Mutombo ku Kinshasa, chotchedwa dzina la mayi ake. Mabungwe ambiri a ku America amapereka ku boma fomu ya 990, yomwe aliyense angaiwerenge pa intaneti. Sankhani limodzi mwa mabungwe obadwa kuchokera ku mpira, tsitsani fomu yake, ndipo onani ndalama zimene zinalowa, zimene zinapita ku ntchito yeniyeni, ndi malipiro a akuluakulu ake. Pitani nayo kwa mphunzitsi wanu sabata yoyamba ya Malichi, kalasi isanayambe kukamba za bracket.