Momwe mungayesere ngati chitsamba chimatsekereza enzaimu yogaya sitachi

Pali masamba ndi makungwa amene anthu ku Nkhotakota amamwa pofuna kutsitsa shuga m'thupi, ndipo mphunzitsi wa sayansi akhoza kuyesa m'labotale ya pasekondale ngati chitsambacho chimachedwetsa amylase, enzaimu ya m'malovu ndi m'matumbo imene imaphwanya sitachi kuti isanduke shuga. Mankhwala a kuchipatala otchedwa acarbose amagwira ntchito mwa njira yomweyi.

Yambani ndi kuthyola masamba a nimu, bwemba kapena masau kunja kwa malire a Nkhotakota Wildlife Reserve, popeza m'nkhalangomo simuloledwa kutengamo kanthu popanda chilolezo. Panikizani kanthambi kamodzi pakati pa nyuzipepala kuti akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba adzatsimikize mtundu wake, chifukwa dzina limodzi la kumudzi limatha kuimira mitengo iwiri yosiyana.

Yanikani masambawo pamthunzi, muwasinje mumtondo wotsuka bwino, kenaka muviike magalamu 10 a ufawo m'mamililita 100 a madzi owiritsa amene azizira. Mawa lake sefani; madzi osefedwawo ndiwo msuzi wa chitsamba.

Sitachi musaisake patali. Sendani chinangwa, muchipale, muchifinyire m'madzi, ndipo zoyera zimene zidikha pansi muziumitse. Wiritsani galamu 1 m'mamililita 100 a madzi. Enzaimu ndi malovu anu omwe, gawo limodzi pa magawo 10 a madzi.

Konzani machubu atatu ndipo muwaimike m'madzi ofunda madigiri 37. M'chubu choyamba muthire malovu ndi madzi, m'chachiwiri malovu ndi msuzi wa chitsamba, m'chachitatu msuzi wa chitsamba ndi madzi popanda malovu, mililita imodzi ya chilichonse. Pakatha mphindi 10 onjezani mamililita 2 a sitachi m'chubu chilichonse, ndipo mphindi ziwiri zilizonse muzidonthezera dontho limodzi pa mbale yoyera pamene mwadonthezapo kale ayodini. Sitachi ikadalipo, dontholo limada bii ngati inki. Ikagayika, limangokhala lofiirira. Ngati chubu chachiwiri chikupitiriza kuda nthawi yaitali kuposa choyamba, ndiye kuti chitsamba chachedwetsa enzaimu.

Chubu chachitatu chimaoneka ngati chongotayitsa nthawi, koma ndicho ine sindingalole kuchisiya. Chimayenera kukhala chakuda mpaka kumapeto, ndipo chikayera, dziwani kuti msuziwo ukulimbana ndi ayodini yemweyo kapena uli ndi enzaimu yakeyake yogaya sitachi. Ufa wa malambe umachita zimenezi chifukwa vitamini C wake amafufuta mtundu wa ayodini, mwakuti mukhoza kuganiza kuti sitachi yagayika pamene idakali yonse. Makungwa ofwanyula m'kamwa amapusitsa mwa njira ina: tanini, mankhwala achilengedwe opezeka m'makungwawo, amamatirira ku mapuloteni ambiri, kuphatikizapo enzaimu, choncho amaoneka ngati akutsekereza enzaimu mwamphamvu.

Bwerezani zonsezi katatu, kenaka muyesenso ndi msuzi wosungunula theka, n'kumalemba mphindi zake m'kope. Zotsatirazi zimangosonyeza chitsamba choyenera kukapimidwa ku labotale ya kuyunivesite, kumene amayezanso ngati chili ndi poizoni, ndipo wodwala shuga apitirize kumwa mankhwala amene analandira kuchipatala.