Mmene ndimayezera chibwano cha wankhonya

Wankhonya akangogwa pansi, anzanga oonera nawo sachedwa kugamula kuti, "Uyu ndi dzira, alibe chibwano," kutanthauza kuti sangapirire zibakera za kumutu. Ine ndinasiya kuyankhula msanga chotero nditaonera nkhonya yoyamba ya Juan Manuel Márquez ndi Manny Pacquiao, ya mu 2004. Márquez anagwetsedwa katatu m'ndime yoyamba yokha, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Anadzuka katatu konseko, namenya ndime zonse 12, ndipo pamapeto pake panalibe wopambana. Munthu wotere tinganene kuti ndi wofewa? Ayi ndithu. Kuwerenga kuti wagwa kangati n'kosavuta, koma sikuuza zambiri.

Yambani ndi mbiri ya nkhonya zake, inde, koma funso likhale lakuti: anamumenyapo ndani? Mnyamata akhoza kupambana nkhonya 15 osagwako, kungoti onse amene anakumana nawo anali a zibakera zopepuka, ena okalamba ongobwera kudzatenga ndalama. Ameneyo chibwano chake sichinayesedwe. George Chuvalo wa ku Canada anamenya nkhonya 93 osagwetsedwapo, ndipo pamndandanda wa adani ake pali Muhammad Ali kawiri, Joe Frazier ndi George Foreman. Marvin Hagler mu 1985 analandira dzanja lamanja la Thomas Hearns pamutu, dzanja lomwelo lomwe chaka cham'mbuyo linagoneka Roberto Durán chafufumimba m'ndime yachiwiri. Hagler anangogwedezeka pang'ono n'kupitiriza kubwera, ndipo dzanja la Hearns ndilo linathyoka. Umboni umene ndimafuna ndi wotere: chibakera choyera, chochokera kwa munthu wodziwika kuti amagoneka anzake, onse awiri ali a gulu limodzi la kulemera.

Tikamati chibwano, kwenikweni tikunena ubongo. Chibakera chikafika kunsonga kwa chibwano kapena m'mbali mwa mutu, mutu umapotoloka mwadzidzidzi ndipo ubongo umagwedezeka m'chigaza. Ndicho chimazimitsa munthu. N'chifukwa chake ndikamaonera kanema ndimayang'anitsitsa mutu pa nthawi yeniyeni yomwe chibakera chafika. Kodi wazungulira ngati chitseko chokankhidwa, kapena khosi laugwira? Wa khosi lalifupi lonenepa, amene amabisa chibwano kuseri kwa phewa, mutu wake susuntha kwambiri. Wina amatembenuza nkhope kutsata komwe chibakera chikupita, mphamvu yake n'kudutsa. Kwa oonera patali zimaoneka ngati walandira chonse, chikhalirecho walandira theka. Canelo Álvarez amachita zimenezi kwambiri, ndipo muyenera kuchedwetsa kanema kuti muzione.

Kenako dzifunseni ngati anachiona chibakeracho chikubwera. Chooneka, thupi limachikonzekera: nsagwada zimaluma, khosi limalimba. Chosaoneka chimagwetsa aliyense. Pacquiao yemweyu, amene analandira zibakera za anthu akuluakulu kwa zaka zambiri, anakomoka mu 2012 kumapeto kwa ndime yachisanu ndi chimodzi, atalowa yekha mothamanga n'kukumana ndi dzanja lamanja la Márquez. Mphamvu ya womenya inaphatikizana ndi liwiro la Pacquiao yemwe. Kugwa kotero sindikuwerengera ngati kufewa.

Pamene ndimathera nthawi yambiri ndi pa masekondi 20 otsatira chibakera chachikulu. Ndimaonera kawiri, ulendo wachiwiri nditatseka mawu, chifukwa phokoso la ochemerera ndi kukuwa kwa owulutsa kumanamiza maso. Nkhope musaikhulupirire. Ankhonya ambiri akapwetekedwa amamwetulira kapena kupukusa mutu kuti mdani asadziwe. Yang'anani miyendo. Munthu amene wapwetekedwa zenizeni mapazi ake amatalikirana mosayenera, bondo limodzi limauma, chidendene chimaponda pansi molemera ngati akutsika sitepe yomwe palibe. Akabwerera m'mbuyo miyendo imapingasana. Dzanja limafufuza chingwe lokha.

Akagwa, onani kagwedwe kake ndi kadzukidwe kake. Wogwera pamatako, maso ali pa mdani wake, manja atatsogola kudzitchinjiriza, nthawi zambiri wangotaya poponda. Wogwa chafufumimba manja ali lende, kapena amene mutu wake wamenya pansi, ubongo unazima asanafike pansipo. Wanzeru amagwada bondo limodzi, n'kuyang'ana kukona kwake komwe kumakhala omuphunzitsa, n'kudikira woyimbira awerenge mpaka 8. Wodzuka msangamsanga pa 2 kapena 3, akudzandira, kawirikawiri sakudziwa bwino pomwe ali. Woyimbira akamupukuta magolovesi n'kumuuza kuti ayende kubwera kwa iye, masitepe awiri amenewo amaulula zonse.

Ndiye pali kuchira msanga, komwe kwa ine n'kofunika kuposa kusagwa. Larry Holmes mu 1979 anagwetsedwa ndi Earnie Shavers m'ndime yachisanu ndi chiwiri, ndi chibakera choti ambiri sakanadzuka nacho. Anadzuka, anayendayenda, anagwira, mutu unayera, ndipo anapambana m'ndime ya 11. Tyson Fury mu 2018 anagona chagada m'ndime ya 12 atamenyedwa ndi Deontay Wilder, koma atadzuka, mphindi isanathe anali akuponya zake zolunjika. Choncho onani ngati munthu akudziwa kukumbatira mdani, kuchoka pazingwe, ndi kubweza chibakera chimodzi chokwanira kumuimitsa mnzakeyo. Ndime yotsatira ikayamba, onaninso miyendo ija ngati yabwerera. Kupuma kwa mphindi imodzi kumakwanira ena, ena ayi.

Sikelo nayo musaiiwale. Wankhonya amene wadziumitsa madzi kuti akwane pa kulemera kwake amalowa m'bwalo ali wofooka, ngakhale minofu ikuoneka yokongola pa tsiku lokwera sikelo. Amir Khan anagonekedwa ndi Breidis Prescott m'masekondi 54 mu 2008, akumenya pa mapaundi 135. Atakwera kufika pa 140, anapirira mvula ya zibakera za Marcos Maidana m'ndime ya 10 mu 2010 osagwa. Sindikunena kuti anasanduka Hagler, chifukwa anadzagonekedwanso patsogolo, koma kusiyana kunalipo. Ndikaona munthu pa sikelo maso atalowa m'kati, masaya ataphwa, milomo itauma, ndimachotserako pa chikhulupiriro changa.

Za m'mimba ndi nkhani ina. Chibakera cha pachiwindi, kumunsi kwa nthiti zakumanja, chimagwadiritsa munthu mutu uli bwinobwino, monga zinamuchitikira Oscar De La Hoya pamaso pa Bernard Hopkins mu 2004. Musazisakanize ndi chibwano.

Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti chibwano chimatha, ndipo mwini wake amakhala womaliza kudziwa. Roy Jones Jr. anakwera kupita ku gulu la olemera kwambiri kukalanda lamba wa John Ruiz mu 2003, kenako anatsikanso kufika pa mapaundi 175. Mu May 2004 Antonio Tarver anamugoneka m'ndime yachiwiri, ndipo mu September chaka chomwecho Glen Johnson anamukomola m'ndime yachisanu ndi chinayi. Munthu amene kwa zaka zoposa khumi ankaoneka wosakhudzika. Pachifukwa ichi kanema wa zaka zisanu zapitazo sindimudalira. Ndimatenga nkhonya zitatu zomaliza, n'kufunafuna pomwe chibakera chamba, jabu chabe (chibakera chopepuka cha dzanja lakutsogolo) kapena chomupsepsa pamwamba pa khutu, chamugwedeza miyendo. Ndikachipeza kamodzi ndimakayika. Ndikachipeza kawiri, ndimasiya kufunsa ngati angapirire zibakera za mdani wotsatira, ndimayamba kuyang'ana ngati kukona kwake kuli munthu wolimba mtima woti n'kuponya thaulo kuti nkhonya iimitsidwe nthawi isanathe.