Kuwerenga mita ya madzi ndi kupeza pamene madzi akudontha

Bilu imakuuzani kuti madzi akutayika mwezi utatha kale, pomwe mita ingakuuzeni usiku umodzi wokha. Vuto ndi lakuti ambiri chivindikiro cha mita sanachitsegulepo.

Tsegulani chivindikirocho, pukutani galasi ndi kansalu. Mudzaona mzere wa manambala. Akuda amawerenga makiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Amenewa ndiwo amalembedwa pa bilu. Ofiira amawerenga malita. Mita ikaonetsa 00347 wakuda ndi 582 wofiira, ndiye kuti chiikidwire padutsa makiyubiki mita 347 ndi malita 582. Pofuna kudziwa madzi a mwezi uno, chotsani nambala ya mwezi watha pa ya lero.

Mamita ena ali ndi timawotchi ta mivi yofiira m'malo mwa manambala ofiira. Kolembedwa x0.1 kamaonetsa malita mazanamazana, x0.01 makumimakumi, x0.001 lita imodziimodzi. Muvi ukakhala pakati pa manambala awiri, tengani yaing'onoyo.

Koma chofunika koposa zonsezi ndi kagudumu kakang'ono kapakati, kooneka ngati nyenyezi kapena kangodya zitatu. Kamazungulira ngakhale madzi odutsa akhale ochepetsetsa. Tsekani mipope yonse, yapanja yomwe. Pasakhale wogejemula chimbudzi kapena makina ochapira akugwira ntchito. Ngati muli ndi thanki yam'mwamba kapena giza, dikirani zidzaze kaye, apo ayi mudzaganiza kuti pali podontha pamene thanki ikungomwa madzi ake. Kenako yang'anitsitsani kanyenyeziko kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kakamayenda, kaya monyang'ama, madzi akutuluka penapake.

Kudontha kwina nkochepa moti maso sangakugwire. Apa lembani manambala onse, ofiira omwe, musanagone, ndipo muwerengenso m'mawa wina asanatsegule mpope. Tiyerekeze kuti usiku ofiira anali 582, m'mawa patapita maola 8 ali 646. Apita malita 64, kutanthauza malita 8 pa ola, 192 pa tsiku, 5,760 pa masiku 30. Amenewo ndi makiyubiki mita pafupifupi 6 olipira popanda wosambira kapena kumwa.

Tsopano mufune malo ake. Tsekani vavu imene ili polowera paipi m'nyumba, mubwerere ku mita. Kanyenyezi kakaima, vuto lili m'nyumba. Kakapitiriza, paipi yapansi pakati pa mita ndi nyumba ndiyo yabooka. Tsatirani njira ya paipiyo: dothi losauma ngakhale kuli dzuwa, kapinga wobiriwira kuposa mnzake, ndere m'mbali mwa khoma, kapena pansi potitimira. Kawirikawiri pamene pamabooka ndi polumikizira, pamene paipi yachitsulo yadyeka ndi dzimbiri, kapena pamene mizu ya mtengo yaikankha.

M'nyumba, yambani ndi chimbudzi chogejemula. Chimenechi ndicho chimataya madzi ambiri mwakachetechete chifukwa amatsikira m'mbale n'kupita, pansi osanyowa. Tsegulani kathanki kake. Madzi akafika pakamwa pa kapaipi kosefukira, ndiye kuti vavu ya kampira koyandama sikutseka. Tsitsani kampirako kuti madzi aziima masentimita awiri kapena atatu m'munsi mwa kamwalo, ndipo zikakanika sinthani washala wa vavuyo. Ngati madzi ali pa mlingo wabwino, thirani madontho angapo a utoto wa zakudya m'kathankimo, mudikire mphindi 20 osagejemula. Utoto ukaonekera m'mbale, labala wapansi wauma kapena wapindika. Musinthe, osati kumata. Mukatha gejemulani kuti utoto usadetse mbale.

Mpope wodontha musaupeputse. Tcherani kapu ya mamililita 250. Ikadzaza m'mphindi 10, mpopewo ukutaya malita 36 pa tsiku, oposa 1,000 pa mwezi. Kukhwimitsa ndi mphamvu sikuthandiza, kumangophwanya washala ndi kudya pokhalira pake. Tsekani vavu, masulani mutu wa mpope ndi sipanala, ikani washala watsopano wa saizi yomweyo. Onaninso pansi pa sinki, kapaipi kosefukira ka thanki, ndi makoma amene penti ikufufuma kapena kuda ndi chinyezi. Paipi yam'khoma imafuna pulambala. Kugumula khoma mongoganizira kumawononga zambiri.

Nthawi zina mumakayikira mita yeniyeniyo. Iyeseni: lembani manambala, tungani ndowa ya malita 20 yodziwika mlingo, muwerengenso. Ofiira ayenera kukwera ndi 20 kapena pafupi pomwepo. Musayese madzi atangobwera kumene pambuyo posiya, chifukwa mpweya wa m'mapaipi nawo umatha kuzunguza mita. Kusiyana kukakhala kwakukulu, kapena galasi lachita nthunzi mpaka manambala osaoneka, jambulani chithunzi, mukanene kwa ogulitsa madzi. Mita ndi kawaya kake kotsekera musamasule, ndi zawo. M'madera ambiri paipi yochokera ku msewu kufika pa mita amakonza ndi iwo, ndipo yochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi ya mwini nyumba.

Mukakonza, bwerezani kuyesa kwa usiku kuja. Podontha pamatha kukhala pawiri, ndipo pachiwiripo pamaonekera poyamba patatsekedwa.