Kusamalira makutu ongobooledwa kumene: musadalire ndolo zagolide

Mdzukulu wanga atabooledwa makutu kuno ku Linthipe, mayi ake anati bala silingatukusire poti ndolo n'zagolide. Patangopita masiku anayi, khutu linatupa.

Mphamvu yopha tizilombo ili m'mankhwala ena osakaniza golide, osati m'chitsulo chovala. Mu 1890 wasayansi wa ku Germany Robert Koch anapeza kuti golide wosakaniza ndi poizoni wotchedwa cyanide amalepheretsa tizilombo ta TB kuswana, koma anthu atayamba kubayidwa mankhwala agolide, ambiri anavulala impso. Auranofin, mankhwala a nyamakazi omwe anavomerezedwa ku America mu 1985, amapha mabakiteriya ena mu labotale potsekereza puloteni yofunika pa moyo wawo (enzyme) yotchedwa thioredoxin reductase. Ndolo ilibe mphamvu imeneyi, ubwino wake n'ngwakuti sichita dzimbiri.

Ndiye chitani izi. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani theka la lita ya madzi, thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi, azizire. Tsukani kutsogolo ndi kuseri kwa khutu kawiri patsiku, musachotse ndolo kwa masabata 6. M'chisanu chathu cha ku Dedzachi samalani chipewa chaubweya, chimakoka ndolo n'kutsegula bala.

Mukaona mafinya, kufiira kofalikira kapena mwana akutentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.