Momwe mungayerekezere mtengo wa PlayStation, Xbox ndi Switch musanagule

Mtengo wa pakatoni ndi chiyambi chabe. Tengani pepala, lembani makina osewerera magemu amene mukuwaganizira, ndipo muwerengere ndalama za zaka zitatu, osati za tsiku logula lokha.

Yambani ndi magemu. Mario ndi Zelda ali pa Nintendo basi, God of War simungaipeze pa Xbox. Ngati nkhani yanu ndi mpira wa EA Sports FC, umenewo uli paliponse, ndiye ingofunsani anzanu amene mumasewera nawo kuti ali ndi makina ati.

Kenaka lembani mtengo wa makinawo. Atatuluka mu Novembala 2020, PlayStation 5 (PS5) ya disiki inali madola 499, yopanda disiki 399, Xbox Series X 499, Series S 299. Switch 2 inabwera mu Juni 2025 pa madola pafupifupi 450. Mitengo yakhala ikusintha, lembani ya lero.

Yopanda disiki imakopa, koma gemu yatsopano yaikulu imafika madola 70 kapena kuposa. Ya pa disiki mungagule yogwiritsidwa kale ntchito, kubwerekana ndi mnzanu, kapena kuigulitsa mukaimaliza. Yodawuniloda simungaigulitse, ndipo imadya data yambiri. Onaninso malo osungira: Series S ya 512GB imakusiyirani 364GB yokha ya magemu. PS5 imalandira kachipangizo kowonjezerera malo kotchedwa SSD ya mtundu wa M.2, pamene Xbox imafuna khadi lakelake lowonjezerera malo.

Tsopano mvetserani bwino ngati mukugula kwa munthu. Mudzaona ena akutsatsa kuti makinawo ali ndi magemu odzadza kale, n'kukwezerapo mtengo. Ine wogulitsa wina anandichita zimenezi. Magemu onse anali pa akaunti ya munthu wina amene sindimamudziwa n'komwe. Poyamba ankaseweredwa bwinobwino, kenaka tsiku lina ndinapeza onse atatsekedwa, wogulitsayo foni osayankhanso. Gemu yodawuniloda ndi ya akaunti imene inaigula, si ya makina ayi. Choncho pa pepala lanu magemu oterewa muwawerengere ziro, ngakhale atakhala makumi awiri.

Musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsayo afufute zonse pamaso panu, mulowetse akaunti yanu, mulumikize pa intaneti. Makina ena anatsekeredwa ndi kampani chifukwa cha chinyengo, ndipo mungadziwe pokhapokha mutayesa kulowa. Ikanimo disiki muone ngati ikuwerenga. Siyani controller pansi osaigwira: chithunzi chikamayenda chokha, ndodo yake yatha. Sewerani kwa kanthawi ndithu mumve ngati fani ikulira modabwitsa. Wogulitsa amene akukufulumizitsani kapena akukana kulumikiza pa intaneti, musiyeni ndi katundu wake.

Zotsalazi n'zosavuta. Kusewera ndi anthu pa intaneti kumafuna kulipira PlayStation Plus, Game Pass kapena Nintendo Switch Online, kupatula magemu aulere monga Fortnite. Game Pass, imene ndi ya Xbox, imakupatsaninso magemu oti muzisewera nthawi yonse imene mukulipira, ndiye imapindulitsa munthu wosewera magemu ambiri osiyanasiyana. Wa gemu imodzi chaka chonse, amene sasewera ndi anthu pa intaneti, akungotaya ndalama. Wonjezerani controller yachiwiri. Ngati muli ndi madisiki a PS4, ambiri amasewereka pa PS5 ya disiki, ndiye chotsani ndalama yogulira magemu amenewo. Phatikizani zonse pa makina alionse, muyerekeze.